Telala Anasita Phazi Lake

Mwana wa achimwene anga atayamba kuimaima panjira, ine ndinati basi, mwamunayu wapeza chibwenzi.

Anthu a mumsewu wathu amamutcha aTelala. Ine ndimamutcha Singano, chifukwa anabadwa woonda ndi wosongoka, ndipo akalira ankalasa m'makutu. Lero ndi bambo wa imvi zake, ana ake anakula n'kumwazikana, koma kwa ine ndi Singano yemwe uja ndinkamupukuta mamina. Amuna anga atamwalira iyeyo ndiye ananditenga. Anati, "Azakhali, m'malo mokalamba nokha mukutukwana nkhuku, bwerani muzidzatukwana ife." Ndinabwera. Ntchito yanga inali yosokerera mabatani ndi kukupiza makala a mu simbi. Malipiro ake anali tiyi ndi ufulu wonena makasitomala akangotembenuka.

Makina ake ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, kumapeto kwa msewu. M'mawa tinkapita limodzi, iye atasenza mutu wa makina paphewa, ine nditanyamula thumba la nsalu ndi simbi. Kale ankandisiya kumbuyo ndikuwefuka. Koma chaka chimenecho ankati akayenda pang'ono, waima kwa ometa, ati akuwapatsa moni. Tikachoka apo, waima kwa okonza njinga, akuyang'anitsitsa tayala ngati sanaonepo tayala chibadwire. Kenako waimanso patebulo la mayi wina wogulitsa nthochi, mayi wathupi lake, woseka ndi mano onse.

"Singano," ndinamufunsa tsiku lina, "nthochizi n'zokoma choncho, kapena wokoma ndi mwini wake?"

"Azakhali, pakamwa panupo padzakugonetsani kupolisi."

"Ndikakamuuza mpongozi wanga, iwe ndiye ukagona kumanda."

Anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Anatsitsa mutu wa makina pansi n'kugwira katumba wa mwendo wakumanja. "Apa pamandigwira ngati munthu wandimanga ndi waya. Ndikaima pang'ono pamasiya. Ndikayenda payambanso."

Mwendo umenewo ndi umene unkatidyetsa tonse. Singano ankapalasa makina ndi phazi lakumanja lokha, lakumanzere atalipinda pansi pa mpando, ati ndi mmene anamuphunzitsira bwana wake kalekale. Akakhala pamakina ankaoneka ngati mfumu. Ndudu pakona ya mlomo, phulusa likutalika, koma osagwera pansalu ya munthu. Tepi m'khosi, choko kukhutu. Thalauza ankalidula atapinda nsalu pawiri, miyendo yonse kamodzi, ndipo ankakonda kunena kuti, "Miyendo ndi mapasa, azakhali. Chimene wachita kwa uyu wachitanso kwa uyo." Posita suti ankayala kansalu konyowa pamwamba, simbi ikatera n'kumveka tswee, nthunzi n'kukwera. Kansaluko ankati ndi loya, kamalankhulira suti kwa moto. Ndipo panalibe kasitomala amene ankachoka asanamve kuti, "Ine chiyambire ntchitoyi sindinawotchepo nsalu ya munthu."

Amene anaulula zambiri ndi mkazi wake. Anandipeza ndikutsuka makapu n'kunong'ona.

"Azakhali, ine ndikugona ndi munthu theka, theka linalo ndi botolo la m'firiji. Phazi lawo likandikhudza ndimadzidzimuka. Ndiye amagona mwendo uli lende kunja kwa bedi, ati akaukweza ukuwawa."

"Mwina akufuna kuthawa, akuyamba ndi mwendo umodzi."

"Musaseke, azakhali. Ine ndikuopa."

Tinamukoka ngati mbuzi yopita kumsika mpaka kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Dokotala wake anali mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga, magalasi aakulu kuposa nkhope. Anamuvula nsapato zonse ziwiri n'kuika mapazi pamodzi. Ine apo ndi pamene ndinaliona bwino phazi lakumanja lija. Linali lotuwa, khungu likunyezimira ngati pepala la pulasitiki, cheya chonse cha pamsongolo chitathothoka, zikhadabo zitakhuthala ngati za kamba.

Adokotala anayamba kupapasa ndi zala. Pamwamba pa phazi, kuseri kwa kakolo, kuseri kwa bondo, mpaka anakwera m'mphechepeche.

"Mwanawe, kumeneko ndi kumunda kwa mpongozi wangayu, upemphe kaye," ndinatero.

"Agogo, ndikufunafuna pamene magazi akugunda," anayankha akudziletsa kuseka. "Kumtunda kuno akugunda. Kumunsiku sindikuwapeza."

Anatenga kachipangizo konga wailesi yaing'ono, kokhala ndi kachingwe ndi kamutu ngati cholembera. Anapaka mafuta oterera paphazi lakumanzere n'kuikapo kamutu kaja. Kanalira chapansipansi, fuu, fuu, ngati munthu wotopa akuuzira moto wa nkhuni zonyowa. Anakaika kuphazi lakumanja. Anasuntha uku, anasuntha uko. Zii. Kankangoti waa, ngati wailesi yosowa siteshoni.

"Mwina mabatire atha," ndinatero. "Tayesa pa ine."

Ndinavula patapata n'kumupatsa phazi langa la ming'alu. Kachipangizo kanalira kuti fyu-fyu, fyu-fyu, ngati mwana wa sukulu akuthamanga.

"Wamva, Singano? Ine ndikhoza kukwatiwanso."

Palibe anaseka. Singano ankangoyang'ana phazi lake ngati la munthu wina.

Adokotala anamumanga lamba wopopa woyezera kuthamanga kwa magazi uja pamkono, kenako pa akakolo, n'kuyerekeza. Atatha anakoka mpando.

"Bambo, mitsempha imene imatsitsa magazi kumiyendo yanu yachepa njira. M'kati mwake mwamatirira mafuta, ngati paipi yakale ya madzi. Mmisiri wamkulu wa zimenezi ndi fodya, ndipo shuga wanu naye wakwera, akumuthandiza. Mukayenda, mnofu umapempha magazi, magazi safika, ndiye kuwawa kuja. Choopsa n'chakuti panjira yopapatiza chonchi magazi amatha kuundana n'kutsekeratu. Zikatero mwendo umafa uli pathupi pomwepo."

"Ndiye mundibaya jakisoni zithe?" anafunsa Singano.

"Ayi. Ndikupatsani mapiritsi oletsa magazi kuundana, ena ochepetsa mafuta, ena a shuga. Fodya musiye lero, osati mawa. Ndikutumizani kuchipatala chachikulu akakuunikeni mitsempha. Kumeneko angathe kutsegula njirayo, kapena kulumikiza ina yolambalala potsekapo. Koma mupite pa tsiku limene ndikupatseni." Anagwira phazi lija ndi manja awiri. "Ndipo ichi mumvetsetse. Phazili silikumva bwino. Musaliwothetse moto, musaliviike m'madzi otentha. Likazizira valani masokosi awiri. Mukapsa simumva, ndipo chilonda cha phazi lopanda magazi sichipola."

"Ndamva, adokotala," anatero Singano mwaulemu, ulemu umene amapatsa kasitomala amene diresi lake sanaliyambe n'komwe.

Tsiku lopita kuchipatala chachikulu linagwera sabata imene sukulu zinkatsegulira. Amene anakhalapo pafupi ndi telala akudziwa. Mayunifolomu anali mulu kufika m'chiuno, azimayi ataima pakhonde ndi ana awo, aliyense akuti lake ndiye lofulumira.

"Lero ndi tsiku lija," ndinamukumbutsa.

"Ndipita sabata yamawa. Ana a eni apite kusukulu maliseche?"

"Zengerezu analinda kwawukwawu, Singano."

"Ameneyo anali waulesi. Ine mukundiona ndikugwira ntchito."

Sabata yamawa inabereka inzake. Mapiritsi ankamwa akakumbukira. Fodya anasiyadi, pamaso pathu. Koma anayamba kupitapita kuseri kwa sitolo, ati kukataya madzi, n'kubwerako akutafuna khungu la lalanje.

"Chikhodzodzo chako chikutulutsa utsi masiku ano," ndinamuuza. "Tikauze adokotala, amenewa ndi matenda atsopano."

Kenako kunabwera nyengo yozizira. Pakhonde paja mphepo imadutsa ngati ili ndi ngongole ndi munthu. Singano ankavala masokosi awiri monga anamuuzira, koma ankati phazi likumveka ngati mwala umene wagona mumtsinje, ndipo likazizira choncho silimva chopalasira. Msoko unayamba kukhota, iye amene msoko wake unali wowongoka ngati njanji. Mayi wina anabweza siketi. Singano anaisomola yekha, makutu ali psuu.

Masiku amenewo anayamba kundituma kwambiri m'mawa. Kagule zipi. Kagule ulusi wabuluu. Uwu si wabuluu umene ndimanena, bwererani. Tsiku lina ndinaiwala chitsanzo cha ulusi, ndinabwerera panjira. Nditakhota pakona ya sitolo ndinamva tswee.

Anali atakhala pampando, phazi lakumanja ataliika pa kabenchi kositira. Pamwamba pake anayala kansalu konyowa kaja, loya uja. M'dzanja anali ndi simbi ya makala imene ndinakupiza ndekha, ndipo ankaiyendetsa pang'onopang'ono kuchokera pa kakolo kupita kuzala, mwaluso, monga amachitira ndi kolala ya jekete. Nthunzi inkakwera. Nkhope yake inali ya mtendere.

"Mayo ine! Singano, wapenga?"

Ndinamulanda simbi, makala n'kumwazika pakhonde.

"Azakhali, mwatani kodi? Muwotcha nsalu za eni!"

"Adokotala anati chiyani? Sanati usaliwothetse moto?"

"Moto ndi wa anthu osadziwa. Ine simbi ndimaidziwa kuposa mkazi wanga. Ndaika kansalu konyowa. Nsalu yopyapyala ya diresi la ukwati siinapsepo m'manja mwanga, ndiye chikopa cha munthu wamkulu chipse? Ndikatere phazi limafewa, ndimasoka mpaka masana."

"Ukumva kutentha?"

"Ayi. Ndiye ndikuti sindikupsa."

Ndinachotsa kansalu kaja. Pamwamba pa phazi panali matuza, ena atsopano odzaza madzi, ena akale ophulika, khungu litasendeka ngati la mbatata yophika. Chala chachikulu chinali chofiirira ngati chiwindi. Sinali ntchito ya tsiku limodzi ayi. Singano anawerama n'kuyang'ana, ndipo ndinaona kuti nayenso akuwaona bwino koyamba, chifukwa masiku onsewo ankavala sokosi mwachangu ndisanabwere.

"Aaa, timatuza basi," anatero, koma mawu anatuluka opyapyala.

Ndinangotola makala ndi manja.

Mpongozi wanga ankatsuka chilondacho m'mawa ndi madzulo, namwino wa kuchipatala chaching'ono n'kumamanga bandeji. Adokotala a magalasi aja ataona anavula magalasiwo n'kupukuta maso. Anati tipite kuchipatala chachikulu msanga, ndipo anatipatsa tsiku lina lapafupi. Singano anati amalize kaye suti imodzi ya mwini sitolo, amene amamulola kukhala pakhonde. Chilonda sichinadikire suti. M'mphepete mwake munada, zala ziwiri zinada, ndipo m'nyumba munayamba kumveka kafungo kamene aliyense ankanamizira khoswe wofera kudenga.

Tsiku lija lisanafike, m'mawa wina tikupita kuntchito, iye akutsimphina ndi ndodo, mutu wa makina utanyamulidwa ndi ine pamutu, anafika patebulo la nthochi n'kukhala pansi m'fumbi. Sanaime monga kale. Anakhala pansi n'kukuwa, bambo wa imvi, kukuwa kwa mwana.

"Mwendo! Azakhali, mwendo wanga!"

Mayi wa nthochi anakwinya thalauza. Kuyambira pabondo kutsika, mwendo unali wotuwa ngati phulusa, wozizira, wa mawangamawanga. Ndinamuuza kuti agwedeze zala. Anayesa mpaka thukuta, zala zili duu. Ometa anabwera ndi lumo m'manja, okonza njinga anathamangira galimoto ya mwini sitolo. Anthu onse amene ankawapatsa moni wabodza uja ndi amene anamunyamula.

Kuchipatala chachikulu anamugoneka m'chipinda cha mdima pang'ono, n'kumuyendetsa kachipangizo kena pamwendo, chithunzi chikuoneka pa kanema. Dokotala wa kumeneko anali bambo wamtali wa dazi, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anatilozera pa kanemapo.

"Mukuona chofiirachi? Ndi magazi akuyenda. Tsopano onani apa." Chofiira chija chinathera panjira, ngati msewu wofika pamlatho wogumuka. "Apa magazi aundana, atseka pamene panali popapatiza kale."

Anamuika diripi ya mankhwala osungunula magazi, ndipo tsiku lomwelo anamutengera kufiyeta. Anacheka pang'ono m'mphechepeche, analowetsa kachingwe mumtsempha n'kukoka magazi oundanawo. Namwino anandiuza kuti anatuluka aatali, akuda, ngati nyongolotsi. Kutacha bondo linafunda, katumba anafunda. Mpongozi wanga anagwira n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinauza wodi yonse kuti mwana wa achimwene anga wabereka nyongolotsi, tikufuna dzina. Odwala anaseka mpaka wina anatsokomola magazi, namwino anandithamangitsira panja.

Tinasangalala masiku ochepa. Kufunda kuja kunatsika n'kuima pamwamba pa kakolo. Phazi linapitirira kuda, ndipo kuda kuja kunayamba kukwera, kukutsogozana ndi kufiira ndi kutupa. Singano anayamba kutentha thupi, n'kumayankhula ndi makasitomala amene anamwalira kalekale.

Adokotala a dazi anatiitana pambali pa bedi.

"Bambo, magazi oundana tinachotsa, ndipo mwendo wakumtunda wapulumuka. Phazili likanakhala lopanda chilonda tikanadikira, mwina mukanataya chala chimodzi kapena ziwiri. Koma chilonda cha kupsa chija chalowetsa kuwola mpaka m'fupa, ndipo kukukwera. Tikalisiya litenga moyo wanu. Tiyenera kudula pansi pa bondo."

Mpongozi wanga anadziphimba kumaso ndi nsalu. Singano anapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa tepi yake. Sindikudziwa anaibweretsa bwanji.

"Mudula pati? Ndionetseni."

Adokotala analoza ndi chala. Singano anayeza kuchokera pabondo, anagwedeza mutu.

"Musiye kopindira, adokotala. Ophunzira kumene amadula ndendende, kenako msoko umaphulika."

"Timasiya, bambo. Timatenga mnofu wakumbuyoku n'kuupindira kutsogolo."

"Ndiye ntchito mumaidziwa," anatero Singano, n'kutembenukira kukhoma.

Anadula. Ndisakunamizeni kuti ndinalimba mtima. Pamene ankamubweretsa, bulangeti linali lathyathyathya pamene pamayenera kukhala phazi, ndipo ine ndinapita kuchimbudzi n'kukakhalako mpaka wina anagogoda.

Tsiku lotuluka adokotala anabwera ndi kachipangizo konga wailesi kaja n'kukaika paphazi lakumanzere. Anafunafuna nthawi yaitali. Kanalira, koma motalikirana, fu, kenako zii, kenako fu. Ulendo woyamba uja kankamveka bwino kuposa apa. Ine sukulu sindinapite patali, koma makutu ndili nawo. Ndinawatsatira adokotala mpaka pakhomo la wodi.

"Bambo, ine ndine wamkulu, musandipatse phala. Winawu utsala?"

"Amayi, matendawa sakhala mwendo umodzi. Uku nako njira zachepa, ndipo zachepa malo ambiri, mpaka timitsempha tating'ono takumunsi, moti polumikiza njira yolambalala sindikupaona bwino. Amwe mankhwala osadumphitsa, fodya asamuyandikire, phazilo muziliyang'ana tsiku lililonse ngati khanda. Tiyesetsa."

"Ndafunsa kuti utsala?"

"Sindingakulonjezeni."

Kunyumba ndinachita zimene ndimatha. Simbi ndinakaibisa kwa aneba. Ndudu zimene ndinakapeza m'kabati ya makina pakhonde paja ndinaziviika m'madzi iye akuona. Akamadandaula kuti chala chimene kulibe chikumuyabwa, ndinkakanda mwendo wa bedi n'kumufunsa ngati ndapapeza. Ndinamuuza kuti tifufuze munthu wodulidwa mwendo wakumanzere wovala saizi yake, azigulira limodzi nsapato, akhale pachibale. Tsiku limenelo anaseka zenizeni, mpaka mpongozi wanga anatuluka kukhitchini kudzaona.

Chilonda chitapola anati timubweretsere makina m'nyumba, pafupi ndi zenera. Pakhonde paja panali patakhala kale telala wina, mwini sitolo anapepesa kwambiri. Ndinamuuza Singano kuti makina opukusa ndi dzanja aliponso.

"Dzanja limodzi lipukuse, limodzi ligwire nsalu? Amenewo ndi osokera mapilo, azakhali. Jekete imafuna manja awiri."

Anakhala pampando, ndodo anazitsamiritsa kukhoma, n'kuika phazi lakumanzere pachopalasira. Phazilo linali mlendo pamenepo. Gudumu linkabwerera m'mbuyo, ulusi n'kupiringizana, singano n'kuthyoka. Anatukwana, anayambanso. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Koma mwana wa achimwene anga ndi wamakani, makani omwe aja anamudyera mwendo. Patapita masiku makina anayamba kuimba nyimbo yake yakale, ndipo mpongozi wanga anaima pakhomo akumvetsera, manja ali ndi thovu la sopo.

Mayi wa nthochi anabweretsa diresi loti alichepetse, ndikudziwa kuti linalibe vuto lililonse. Singano analiyala, anayamba msoko wautali wa m'mbali. Ali pakati anaima.

"Bobini ya ulusi iyi ikuchita ngati yatha," anatero.

Anatsegula, anaiyang'ana. Inali yodzaza. Anabwezera, anasoka pang'ono, anaimanso.

"Lambayu walefuka."

Anagwiragwira lamba wa makina. Ine ndinali pamkeka ndi mabatani anga, maso anga anali pansi pa makina. Dzanja lake linatsika mwakabisira n'kufinya katumba wakumanzere. Ndinakumbukira ometa, okonza njinga, ndi tayala lija ankaliyang'anitsitsa.

"Singano, kuno kulibe ometa oti uwapatse moni."

Ndinakwawa n'kugwira phazi lake pamwamba pa masokosi awiri. Kuzizira kwake kunadutsa masokosiwo n'kundilowa m'manja.

"Mawa tipita kwa adokotala a dazi," ndinatero.

"Tipita," anayankha, ndipo ulendo uno sanatchule sabata yamawa. "Koma mukudziwa zimene akanene. Munawatsatira pakhomo paja, ndinakuonani."

Anachotsa diresi la eni pamakina, analipinda bwinobwino n'kuliika pambali. Anauza mkazi wake kuti abweretse thalauza lake lakuda, limene anadzisokera yekha ndipo ankapita nalo kumaukwati ndi kumaliro. Chitulukire m'chipatala mwendo wopanda kanthuwo ankangoupinda n'kuubaya ndi pini, ndipo ankati telala woyenda ndi pini ndi chipongwe.

Analiyala patebulo, miyendo iwiri ataiphatikiza pamodzi msoko pa msoko, monga amachitira nthawi zonse. Anayeza ndi tepi kuchokera m'chiuno, anawonjezera kopindira, anachotsa choko kukhutu n'kulemba mzere. Anatembenuza thalauzalo n'kulembanso mzere pa mwendo winawo, malo omwewo. Anatenga sizasi, anailowetsa miyendo yonse iwiri m'kamwa mwake.

"Bambo a ana!" anakuwa mpongozi wanga.

Singano anaima. Anayang'ana sizasi, anayang'ana ife, ngati munthu wodzuka kutulo. Anatulutsa mwendo wakumanzere m'kamwa mwa sizasi n'kudula wakumanja wokha. Chidutswa chinagwera pansi.

"Azakhali, bwerani mundipalasire. Inu paja magazi anu ndi a mtsikana."

Ndinakoka kampando, ndinakhala pambali pake, ndinaika phazi langa la ming'alu pachopalasira. Iye anagwira nsalu ndi manja awiri. Ndinapalasa mokhotakhota, iye akundikalipira, "Pang'onopang'ono! Mukuthamangira kuti, kuli mwamuna kumeneko?" Anatseka mwendo uja ndi msoko wowongoka ngati njanji, anadula ulusi ndi mano, anautembenuza. Unali wokongola, ngati thalauzalo linabadwa choncho.

Mzere wa choko unatsala pa mwendo wakumanzere, woyera pansalu yakuda. Ndinalavulira pakona ya nsalu yanga n'kuyamba kuupukuta.

"Mukutani?" anafunsa.

"Ndikuchotsa uve. Upita kwa adokotala ngati bolodi la kusukulu?"

Anandigwira dzanja, osati mwaukali. Anatenga choko n'kubwerezanso mzere uja pamene ndinafufuta.

"Usiyeni, azakhali. Tsiku limenelo mwina ine sindidzakhala ndi mphamvu yoyeza, ndipo inu ndi tepi simudziwana. Mudzangotsatira mzerewu."

Ndinafunafuna m'mutu mwanga monse choti ndinene kuti aseke. Mpongozi wanga anatola chidutswa chija pansi, anachigwira osadziwa kochiika, kenako anapita nacho kukhitchini. Singano anapachika thalauza pamsomali wa kuseri kwa chitseko, mzere uli kunja, n'kundipempha kuti ndimuvalike sokosi lachitatu.